Jombo za m'belo zidandichititsa manyazi pa phiri la ku Lesotho

Inu amene mumatsegula mabelo a nsapato pa Limbe, pa Tsoka ku Lilongwe ngakhale pa Taifa ku Mzuzu, mukudziwa kuti belo lililonse limakhala ndi mlendo wake. Mutulutsa za sukulu, za gogoda, zamasewera, zonse zodziwika mtengo wake, kenako pansi penipeni mupeza chinthu choti ngakhale agogo anu sadachionepo. Mumachitembenuza uku ndi uku, mnzanu wa benchi yoyandikana nkumaseka, inu nkumati basi chipachikeni, mwini wake abwera.

Mlendo wanga adafika mu Meyi 2019. Zidali jombo ziwiri zakuda, zonenepa ngati mapilo, zofika pakati pa msongolo, zingwe zake zazitali zoti mungamangire mbuzi. Kuzinyamula, zopepuka. Kuziona, zatsopano ndithu, ngakhale fumbi kunsi kwake kudalibe. Ndidazipachika sabata zitatu. Mlonda wina adaziyesa, adayenda masitepe anayi nati, "Akulu, izi wakuba atabwera ndingomuyang'ana, kuthamanga sindingathe." Wa kabaza adati phazi lake silikwana pa pedulo. Mayi wina adafunsa ngati zili za odwala miyendo.

Nditatopa ndidazijambula nkutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Sipadathe mphindi, foni idalira.

"Amalume, zimenezo musagulitse motchipa. Ndi jombo za snowboard. Mukamabwera kudzaoda katundu mu Julaye mubwere nazo, ndikakuonetseni ntchito yake."

"Iwe, sinoo chani?"

"Mungobwera, amalume."

Ndiyambe ndafotokoza, poti nanenso nthawi imeneyo ndidali mbuli. Snowboard ndi thabwa lopyapyala, lalitali kufika pachibwano cha munthu likaimikidwa, lokhala ndi chitsulo chakuthwa m'mbali monse. Munthu amaima chammbali, mapazi onse awiri atamangiriridwa pa thabwalo, nkumatsetsereka pa phiri lokutidwa ndi chipale chofewa chija azungu amati sinowo. Adayambitsa ndi bambo wina wa ku Michigan ku America, Sherman Poppen, amene mu 1965 adalumikiza matabwa awiri otsetserekera kuti ana ake aziseweretsa. Mu 1977 Jake Burton Carpenter adatsegula kampani yake ku Vermont, ndipo pofika 1998 masewerawa adalowa mu Olimpiki ku Nagano, dziko la Japan. Choseweretsa cha ana chidasanduka bizinesi ya dziko lonse, ndipo zotsala zake ndi zimene zimatipeza ife m'mabelo.

Za ulendo wa pabasi sindikuuzani zambiri, njirayo mumaidziwa kuposa ine: Mwanza, mlatho wa pa Tete, Nyamapanda, Harare, mzere wa pa Beitbridge, mpaka Park Station miyendo itatupa. Chachilendo chidayamba Loweruka mbandakucha pamene tidanyamuka pa galimoto yaing'ono, ine, mwana wa mlongo wangayo ndi anzake awiri a kuntchito. Tidadutsa minda ya chimanga chouma ya ku Free State, kudzera Bethlehem ndi Fouriesburg, nkudinditsa mapasipoti pa chipata cha Caledonspoort. Kungowoloka kamtsinje, talowa Lesotho, tauni yoyamba Butha-Buthe.

Abale, dziko limeneli lidamangidwa pamwamba. Malo ake otsika kwambiri ali mamita 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti chigwa chawo chili pamwamba kuposa Blantyre wathu. Lidalandira ufulu mu 1966, zaka ziwiri pambuyo pa ife, ndipo lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse ngati chilumba. Ndalama yawo ndi loti, koma randi imayenda bwinobwino pa mtengo wofanana, ndiye za kusinthitsa kwa anyamata a pa bodala kulibe.

Kuchoka pa Butha-Buthe msewu udayamba kukwera. Amene mumadandaula ndi msewu wokwera phiri la Zomba, pitani mukaone Moteng Pass. Galimoto imakhota, kukhotanso, kukhotanso, injini ikulira ngati ikupempha chikhululukiro, mpaka mamita 2,820. Makutu adatseka. M'mbali mwa msewu madzi otsika m'matanthwe adali ataundana, ali lendelende ngati makandulo. Mitengo idatha, kudatsala udzu wofiirira ndi miyala. Apo ndi apo tinkaona abusa a nkhosa atafunda mabulangete, kumutu chisoti chongosiya maso, kumapazi jombo za labala zomwe zija timagulitsa nthawi ya dzinja.

Titadutsa Oxbow tidafika pa Afriski, m'mapiri a Maluti. Nyumba zake zili pa mamita 3,050. Tsono taganizani: nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene timaiopa tonse, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti poimika galimoto pokha tidali titapitirira kale Sapitwa, ndipo pamwamba pa malo otsetserekawo, cha ku Mahlasela, ndi mamita 3,222. Kungotuluka m'galimoto nkuyenda pang'ono, ndidayamba wefuwefu ngati ndathamangitsidwa ndi a khonsolo.

Ndinene zoona, ndinkayembekeza kuti phiri lonse likhala mbee. Ayi ndithu. Mapiri adali ofiirira, koma pakati pake padali mzere umodzi woyera, wautali pafupifupi kilomita, ngati wina wayala nsalu yoyera pa munda wolima. Sinowo wachilengedwe amagwa ndithu kumeneko, koma sadalirika, choncho ali ndi makina amene usiku kukazizira kupitirira poundana madzi amapopera madzi m'mwamba nkumagwa ali sinowo. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomwe ija kwathu kumakhala chiperoni.

Apa ndiye pakubwera manyazi anga.

Ndidatulutsa jombo zanga m'chikwama monyadira. Anzanga onse ankapita kukabwereka za pamalopo, ine ndidati ayi, wamalonda a nsapato sabwereka nsapato. Ndidavala masokosi atatu kuti zindikwane, ndidamanga zingwe, nkuyamba kuyenda chodzikweza kulowera ku nyumba yobwereketsa matabwa. Masitepe makumi awiri, ndidamva phazi lamanja likuti phwa, phwa, phwa. Kuyang'ana, soli yatseguka kutsogolo ngati kukamwa kwa mlamba. Masitepe ena asanu, yathothoka yonse, yatsala m'mbuyo pa sinowo. Pamene idachokapo pankagwa tizidutswa tachikasu ngati nyenyeswa za chigumu.

Mwana wa mlongo wanga adayesetsa kudzigwira, koma anzake aja adagwa pansi ndi phwete.

M'nyumbamo mudali mnyamata wa Chisotho amene ntchito yake ndi kuyesa anthu jombo. Iye sadaseke. Adatola soli ija, adaifinya ndi chala, nati m'Chingerezi, "Ntate, jombo izi zili ndi zaka zambiri." Ntate ndiko kuti bambo, ndipo amatchula mwaulemu zedi. Ndidatsutsa kuti ndi zatsopano, kunsi kwake kudalibe ngakhale fumbi. Adati ee, nkutheka kuti mwini wake adavalapo kawiri kokha, koma zidakhala m'galaja zaka ndi zaka.

Izi nzofunika kwa inu nonse ogulitsa nsapato, ngakhale amene simudzapondako pa sinowo. Nsapato zambiri za kunja zili ndi pulasitiki wofewa wotchedwa polyurethane pakati pa soli ndi phazi. Chinthu chimenechi chimayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka chimafumbutuka chokha, kaya nsapatoyo ikuvalidwa kaya ili m'bokosi. Kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa matendawa, guluu nayenso amauma. Tsono ganizirani nsapato yakhala m'galaja ku Ulaya, yapanikizidwa m'belo, yawoloka nyanja m'kontena yotentha, kenako yapachikidwa padzuwa la pa Limbe sabata zitatu. Ndi chifukwa chake kasitomala amabwera mawa lake nsapato ili m'manja, maso ali psuu, inu nkumalumbira kuti dzulo idali bwino. Nonse mukunena zoona. Mnyamata uja adandionetsa kuyesa kwake: pindani nsapato mwamphamvu, ipotokoleni, kanikizani chikhadabo m'mbali mwa soli. Ikachita ming'alu, ikamata chala kapena ikagwetsa ufa, imeneyo yafa kale, ingoyembekeza maliro.

Kenako adandikhazika pa benchi nati ndivule masokosi onse atatu. Adaika phazi langa pa kachitsulo koyezera. Masentimita 27. Adasuzumira m'jombo yanga yotsala ija: 29. Kumasewera a sinowo sadalira za saizi 8 kapena 42, chifukwa dziko lililonse ndi kampani iliyonse imawerenga mwake. Amayeza kutalika kwa phazi m'masentimita, njira imene amaitcha mondopoint. Ine wa saizi 8 ndidali nditavala 10.

Ndidati nanga vuto nchiyani, nsapato yaikulu ndiye yabwino, phazi limapuma. Ndi mawu amene ndakhala ndikuuza makasitomala zaka zonsezi, makamaka amayi ogulira ana: "Tengani yokulirapo, adzakuliramo." Mnyamatayo adapukusa mutu, nati pa thabwa palibe chiwongolero, palibe buleki, zonse ndi phazi. Ukafuna kukhotera mbali imodzi umatsamira ku zala, ukafuna inayo umatsamira ku chidendene, ndipo chitsulo cha m'mbali chija chimaluma sinowo. Phazi likamasambira m'jombo, iwe utsamira koma thabwa silimva, ngati njinga yoti handulo yake yamasuka. Kuwonjezera apo jombo yaitali imatulukira kunja kwa thabwa nkumakhula sinowo pokhota, basi munthu chadodolido.

Adabweretsa peyala ya 27 ndi sokosi imodzi yokha phazi lililonse, yopyapyala, yofika m'mawondo. Ndidadandaula kuti ndifa ndi chisanu. Adati chimene chimaziziritsa mapazi si kuchepa kwa masokosi ayi. Masokosi ambiri amapanikiza phazi, magazi sayenda, zala nkuchita dzanzi. Amakwinyikanso nkuyambitsa matuza. Sokosi ya thonje ndiye adaikaniratu, ati imamwa thukuta nkukhala yonyowa tsiku lonse. Yabwino ndi ya ubweya wa nkhosa kapena ya ulusi wa makina.

Nditalowetsa phazi ndidakuwa kuti yachepa, chala chachikulu chikugunda kutsogolo. "Imirirani, Ntate. Chikupindika kapena chikungokhudza?" Chinkangokhudza. "Pindani mawondo ngati mukufuna kukhala pa mpando." Nditatero, zodabwitsa, chidendene chidabwerera m'mbuyo, zala zidamasuka. Adati kumeneko ndiye kukwana kwake, pakuti pa thabwa munthu saima chilili, amakhala mawondo ali opinda nthawi zonse. Kenako adagwira jombo pansi nati ndiyese kunyamula chidendene. Sichidasunthe. Ati chikamanyamuka m'kati kuposa pang'ono chabe, jomboyo ibwezeni ngakhale ikhale yokongola bwanji.

Adasolola cham'kati mwa jombo kuti ndione. Kani ndi nsapato ziwiri: chikopa cholimba cha kunja, ndi ina ya siponji m'kati yokhala ndi chingwe chakechake, yotupa malo a akakolo kuti igwire phazi. Siponji imeneyi imaphwa ikamavalidwa, ndiye jombo yatsopano iyenera kukhala yothina pang'ono tsiku logula. Yomwe ikukomerani m'sitolo ngati silipasi, pakatha sabata ziwiri ikhala khwekhwerere. Masitolo ena amatenthetsa siponjiyo pa makina nkukuvekani ili yofunda kuti itenge maonekedwe a phazi lanu. Apa ndidazindikira vuto lina la jombo za kaunjika: siponji yake idatenga kale phazi la mwini wake woyamba, inu mukungolowa m'nyumba ya eni. Adawonjeza kuti nsapato iliyonse iziyesedwa madzulo, poti phazi limatupa likayenda tsiku lonse, ndipo muziyesa mapazi onse awiri chifukwa salingana. Zaka zonsezi pa benchi, ine ndinkayesetsa anthu phazi limodzi, lina lili pa katoni.

Pali nkhani ya kulimba. Makampani ambiri amalemba nambala kuyambira 1 mpaka 10: yotsika ndi jombo yofewa yopindika msanga, yokwera ndi yolimba gwa. Wophunzira amafuna yofewa kapena yapakati chifukwa imakhululuka akalakwitsa ndipo siipweteka msongolo. Akatswiri othamanga kwambiri amafuna yolimba kuti thabwa lizimva msanga. Koma nambalazi si za boma, 5 wa kampani ina akhoza kukhala 7 wa inzake, choncho dalirani mwendo wanu, osati cholembedwa pa bokosi. Munthu wonenepa amafunanso yolimbirapo kusiyana ndi wochepa thupi.

Pa zomangira ndiye tidatsutsana. Pa shelefu padali mitundu itatu: zingwe wamba, zingwe zongokoka nkutsekera m'mbali, ndi ina yokhala ndi kagudumu kutsogolo. Kagudumu kameneka amakatcha BOA, kadatuluka mu 2001 ku Colorado, ndipo ukamakapotokola kawaya kopyapyala kamamanga jombo yonse, osavula ngakhale magolovesi. Anyamata aja adakakonda zedi. Ine monga wamalonda ndidafunsa funso limodzi: kakaduka? Ati kampani yake imapereka kena. Ndidati chabwino, koma kakadukira pamwamba pa phiri Loweruka masana? Chingwe wamba chikaduka umamanga mfundo nkupitiriza, ndipo china chimapezeka paliponse. Choipa chake nchoti chimamasuka pakapita maola, ndipo kumanga ndi zala zouma ndi chisanu ndi chilango. Aliyense adatsala ndi maganizo ake, koma ine mpaka lero ndili ku chingwe.

Za kukhalitsa, maso athu a pa msika amagwira ntchito ngakhale kumeneko. Yang'anani msoko, makamaka pamene jombo imapindikira. Yang'anani kutsogolo ngati adaikako labala, poti chitsulo cha thabwa chimacheka pamenepo munthu akamasula phazi limodzi kuti akwere chingwe chokokera anthu kumtunda. Soli ya labala yeniyeni imalemera koma imapirira miyala ndipo siterera pa madzi oundana; ya siponji ndi yopepuka koma imadyeka msanga. Ndipo madzulo sololani cham'kati chija chiume pachokha. Kuyanika pafupi ndi mbaula ndi kupha guluu. Mnyamata uja adati munthu wa ndalama zochepa ayambe wagula jombo zomukwana, thabwa azibwereka, chifukwa thabwa lililonse limatsetsereka koma phazi ndi lako lokha. Mtengo wa jombo zatsopano nditauwerengera mu kwacha, ndidangoti zikomo, ndibwereka.

Mukufuna kudziwa ngati ndidatsetsereka? Ndidatsetsereka, inde, kwambiri ndi matako. Malo a ophunzira ndi otsika pang'ono chabe, koma ukamangiriridwa mapazi onse awiri amaoneka ngati phompho. Ndidagwa chagada, ndidagwa chafufumimba, kamwana ka zaka ngati zisanu kadandizungulira kawiri kakundiyang'ana mwachifundo. Koma cha m'ma 2 koloko chinachake chidachitika. Ndidatsamira ku chidendene, thabwa lidamva, lidaima. Ndidatsamira ku zala, lidakhota. Mamita makumi atatu okha, koma ndidakuwa Chichewa pa phiri la eni mpaka anthu adacheuka. Tsiku lonse mawondo adawawa, manja adawawa, msana udawawa, koma mapazi adali ofunda, opanda thuza ngakhale limodzi, m'sokosi imodzi.

Mmodzi wa anyamata aja, amene adandiseka kwambiri, adaumirira kutenga jombo yokulirapo ati yothina imamusowetsa mtendere. Pofika masana adali atakhala pa khonde, jombo atavula, chikhadabo cha chala chachikulu chitada chifukwa phazi linkatsetsereka m'kati nkumagunda kutsogolo pa kuima kulikonse. Sindidaseke mokweza. Safunsa adadya phula, koma uyu adafunsa, adauzidwa, nkudyabe.

Pobwerera dzuwa likulowa tidaima pa Moteng kuti mabuleki azizire. Padafika mbusa wachinyamata ndi agalu ake awiri, bulangete lili pamapewa. Ndidayang'ana jombo zake za labala, imodzi yomatidwa chigamba cha chubu. Ife tidalipira ndalama kuti tikasewere m'chisanu maola asanu, iye amagona momwemo miyezi yathunthu ndi nkhosa. Tidampatsa buledi ndi malalanje amene adatsala, adalandira ndi manja awiri ngati kwathu.

Jombo zanga zija sindidazitaye, wamalonda sataya katundu. Nditafika pa Limbe ndidapita nazo kwa mkulu wosoka nsapato kuseri kwa msika. Adakanda pansi pake ndi mpeni, ufa uli waa, nati, "Achimwene, apa guluu sagwira, palibe pomata." Adapala zonse zofumbutukazo mpaka kufika pa chikopa, inzake ija adaichitanso chimodzimodzi, nkusokerera soli za tayala. Zidatuluka zolemera ngati njerwa.

Chiperoni cha Ogasiti chitafika, mlonda uja adabweranso akunjenjemera. Ndidamuuza zonse, za Lesotho, za soli, ndi zoti kuthamanga nazo asayerekeze. Adati pamalo pamene akulondera tsopano pali agalu, othamanga ndi agaluwo. Adavala, zidamukwana, poti iye ndi wa saizi 10. Adalipira theka nati lotsalalo pakutha pa mwezi. Akamadutsa pa benchi panga amandipatsa moni wa ulemu kwambiri, jombo zili kuphazi, koma mwezi umene ankanenawo sunathebe.